Kodi kusema zidindo ndi kusoka mabuku kumapumitsadi mtima?

Woyamba Kumene:
Moni akuluakulu nonse a pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga zimene mumalemba osayankhapo kanthu, koma lero ndabwera ndi dandaulo. Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndipo tsiku lonse maso amakhala pa kompyuta, moti ndikaweruka manambala amakhala akuvinabe m'mutu. Nditaona zithunzi zimene ena mwa inu mumadinda, ndinapeza kachidutswa ka linoleum (chinthu chonga chikopa chokhuthala chimene amasemapo zidindo), timipeni titatu tosemera ndi inki yakuda, poganiza kuti ndapeza chondipumitsa madzulo. Ndinajambula mbalame itatera panthambi, m'munsi mwake ndinalemba dzina la mwana wanga, ndipo ndinasema madzulo anayi otsatizana. Nditadinda, dzinalo linatuluka lotembenuka, inki inadzaza m'timizere tonse ta nthenga moti mbalameyo ikuoneka ngati khala la moto lozima, ndipo chala changa chachikulu chili ndi bandeji chifukwa kampeni kanaterereka. Tsono ndifunse: mpumulo umene mumanenawu uli pati?

Mphunzitsi Wopuma:
Takulandirani achemwali. Dzina lotembenukalo ndi msonkho umene aliyense wa ife anapereka polowa m'ntchito imeneyi, choncho musadzione ngati ndinu nokha. Chimene chili kumanja pachidindo chimatuluka kumanzere papepala. Njira yosavuta ndi kujambula papepala lopyapyala ndi pensulo yofewa, kenako kulivundikira pa linoleum ndi kukhutiza kumbuyo kwake ndi supuni, kuti mizere ya pensuloyo isamuke itatembenuka kale. Musanayambe kusema, ikani chidindocho pa kalilole, ndipo mukatha kuwerenga dzinalo bwinobwino m'kalilolemo, ndiye kuti papepala lidzatulukanso bwino.

Mukapeza mpata mufufuze zithunzi za John Muafangejo wa ku Namibia, amene anabadwa mu 1943 ndi kumwalira mu 1987. Iye anaphunzira luso limeneli ku Rorke's Drift, ku South Africa, ndipo zithunzi zake zambiri zili ndi ziganizo zathunthu zosemedwa pa linoleum, zothithikana pakati pa anthu, ng'ombe ndi nyumba. Chilembo chilichonse chimene mungawerengepo chinasemedwa chotembenuka. Ine ndikaganiza zimenezo, mawu awiri amene amandivuta pakhadi amandichititsa manyazi.

Kalipentala:
Ine ndilankhulepo za chalacho, chifukwa ndi chimene chandikhudza. Achemwali, mpeni umene umavulaza ndi wobuntha. Ukabuntha mumaukankha ndi mphamvu, ndipo ukadumpha umapita ndi mphamvu yonseyo kumene kuli dzanja lina. Muzinola kawirikawiri, ndipo pakati pa ntchito muzikoka kampeniko pakachikopa kangapo kuti kakhalebe kakuthwa. Manja onse awiri azikhala kumbuyo kwa nsonga ya mpeni nthawi zonse, ndipo mukafuna mzere wokhota, muzitembenuza chidindocho, osati kupinda mkono. Ngati muli ndi kathabwa, khomeranipo kamtengo kamodzi pansi kutsogolo kuti kazikola m'mphepete mwa tebulo, kena pamwamba kumapeto kuti chidindo chizitsamira, ndipo mudzaona kuti dzanja lamanzere lilibenso chifukwa chokhalira panjira ya mpeni.

Chinanso, linoleum amauma gwa akazizira kapena akakhalitsa. Amapangidwa ndi mafuta a mbewu zotchedwa linseed osakaniza ndi ufa wa khungwa la mtengo lotchedwa cork ndi utuchi wosalala, zomatidwa pachiguduli, ndipo Frederick Walton anamutulukira ku England m'zaka za m'ma 1860 kuti aziyalidwa pansi m'nyumba. Ojambula anangomubwereka pambuyo pake. Muikeni padzuwa kwa mphindi zochepa, kapena mumukhalire pamene mukunola mipeni, ndipo adzafewa moti mpeni uziyenda mosavuta.

Mayi Osoka Mabuku:
Mwana wanga, za inkiyo ndikuganiza kuti munaichulutsa. Finyirani kadontho kochepa pagalasi, ndipo muyendetse rola, kachipangizo kogubuduza kopakira inki, mbali zonse mpaka inki itayalana mopyapyala. Khutu ndi limene limakuuzani kuti yakwana: ikakhala yochuluka imalira mokakamira ngati phazi likuzuka m'matope, koma ikakwana imangoti waa pang'onopang'ono ngati mvula yowaza pamasamba. Ndi bwino kupaka chidindo katatu kapena kanayi mopepuka kusiyana ndi kamodzi mothimbirira, chifukwa inki yochuluka imagwera m'timizere timene munavutika kusema. Popeza mulibe makina osindikizira, sankhani pepala lopyapyala ndi losalala, mulikhutize kumbuyo ndi supuni yamtengo mozungulira, ndipo musanalichotse lonse tukulani ngodya imodzi, dzanja lina litapanikiza pakati, kuti muone ngati pali malo otuwa ofunika kubwereza.

Namwino wa Usiku:
Pepani akuluakulu, koma ndikuona ngati tonse tikuyankha funso limene achemwaliwa sanafunse. Iwo afunsa kuti mpumulo uli pati, ndipo ife tawapatsa malamulo khumi oti aloweze, zimene zingangowonjezera manambala m'mutu mwawo. Ine ndinene chilungamo: miyezi yoyamba ntchito imeneyi sinandipumitse ngakhale pang'ono, ndipo ndinatsala pang'ono kugawa zipangizo zonse.

Chinasintha ndi chakuti tsiku lina, nditachoka kuntchito m'mawa mutu uli wolemera ndi zimene ndinaona usiku, ndinakhala pansi kusema masamba a mtengo, ndipo nditadzutsa mutu ndinapeza kuti papita maola awiri osaganizako za odwala. Ndinayesa kumvetsa chifukwa chake, ndipo ndikuganiza kuti ndi ichi: chimene mwasema sichibwereranso. Pa kompyuta mumalemba, kufufuta ndi kulembanso, choncho theka la maganizo limatha kukhala kwina. Koma mpeni ukakhala pa linoleum, maganizo onse amakakamizika kubwera pansonga pake, chifukwa akangochokapo mlomo wa mbalame wapita. Kwa ine mpumulo wake ndi umenewo, woti nkhawa zimasowa pokhala. Si mpumulo wa munthu wogona pamkeka ayi, mapewa amawawa ndithu.

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi anamwino mwatidzudzula bwino, ndipo ndavomera. Komabe ndisiyane nanu pang'ono. Kwa ine kusema ndi gawo limene limandiumitsa khosi, mwina chifukwa maso ayamba kufooka. Mpumulo wanga uli pa kudinda, pamene ntchito yoganiza yatha ndipo kwatsala kubwereza zomwezomwezo: kupaka inki, kuyala pepala, kukhutiza, kutukula, kupachika pachingwe. Ndikafika pepala lachisanu manja amakhala akudziwa okha chochita, ndipo chipinda chimadzaza ndi mbalame zofanana zolendewera ngati zovala zochapa.

Mwina n'chifukwa chake ku Japan ntchito imeneyi inagawidwa. Chithunzi chotchuka cha funde lalikulu cha Hokusai, wojambula wa kumeneko, cha m'ma 1831, sichinatuluke m'manja mwa munthu mmodzi. Wojambula ankapereka chithunzi, wosema ankachisema pamatabwa a mtengo wa cherry, thabwa lililonse ndi mtundu wake, ndipo wodinda ankapaka utoto wamadzi ndi burashi n'kukhutiza pepala lonyowa pang'ono ndi kachipangizo kozungulira kotchedwa baren. Ife timasenza ntchito za anthu atatu, choncho n'zosadabwitsa kuti aliyense amakonda imodzi ndipo zinazo amangozipirira.

Woyamba Kumene:
Zikomo nonse. Mawu a mayi anamwino andifika pamtima, chifukwa ndikakumbukira bwino, madzulo anayi aja sindinatsegule foni ngakhale kamodzi, ndipo ndinagona msanga. Chinandikhumudwitsa ndi zotsatira zake basi. Koma ngati cholakwika sichikonzeka, kodi chidindo changa cha mbalamechi ndingochitaya?

Kalipentala:
Musataye. Dzinalo mukhoza kulisema lonse n'kulichotsa, mbalame itsale yokha, kapena kudula chidutswa cham'munsicho ndi mpeni. Mlomo ukaduka, mbalame imasanduka ya mtundu wina, ndipo palibe amene anaona chithunzi chimene chinali m'mutu mwanu kuti akutsutseni. Paja Albrecht Dürer, wojambula wa ku Germany, anajambula chipembere mu 1515 asanachionepo ndi maso. Anadalira kalata ndi kachithunzi kofotokoza chipembere chimene chinafika ku Lisbon, ku Portugal, chaka chimenecho, ndipo anachiveka zikopa zonga zovala zachitsulo za asilikali, n'kuchiwonjezera kanyanga kena pamsana pafupi ndi khosi. Chithunzi cholakwikacho chinadindidwa mobwerezabwereza, ndipo anthu a ku Ulaya anakhulupirira kwa zaka zambirimbiri kuti chipembere chimaoneka choncho.

Ndipo ngati mayi anamwino amakonda ntchito yosabwerera m'mbuyo, ayese kudinda mitundu ingapo ndi chidindo chimodzi. Mumasema pang'ono n'kudinda mtundu wowala pamapepala onse, kenako mumasemanso chidindo chomwecho n'kudinda mtundu wachiwiri pamwamba pa woyamba, mpaka mtundu wakuda womalizira. Pofika kumapeto chidindo chimakhala chitatha, ndipo simungawonjezere pepala ngakhale limodzi. Picasso, wojambula wa ku Spain, anatchuka nayo njira imeneyi kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Ine ndinayamba ndi mapepala khumi ndi awiri, ndipo amene mitundu yake inakhalirana bwino anali anayi okha, chifukwa sindinaike zizindikiro zoti pepala lizigona pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse.

Namwino wa Usiku:
Achimwene, imeneyo ndiye ingandibwezere kuthamanga kwa mtima kumene ndikuthawa. Mtundu umodzi wakuda ukundikwanira.

Mayi Osoka Mabuku:
Mwana wanga, mapepala amene mukuti analakwikawo musatayenso, chifukwa ndi amene ine ndinayambira kusoka mabuku. Ndinali ndi mulu wa zodinda zotuwa ndi zothimbirira, zosayenera kupachika pakhoma komanso zondimvetsa chisoni kuziotcha, ndipo nditazipinda ndi kuzisoka pamodzi ndinapeza kuti m'buku zolakwika zimaoneka mwamtundu wina. Munthu akamatsegula masamba amaona mmene dzanja linkaphunzirira.

Yambani ndi kabuku ka mabowo atatu. Tengani mapepala anayi, muwapinde pakati limodzilimodzi, mukhutize popindapo ndi chinthu chosalala, kenako muwalowetsane, ndipo mudzakhala ndi masamba 16. Kunja muike pepala lokhuthala ngati chikuto. Tsegulani pakati, mubowole mabowo atatu m'chigwa cha popindapo, limodzi pakati ndi ena awiri chakumapeto. Ulusi ukhale wotalika katatu kuyerekeza ndi msinkhu wa bukulo. Singano iyambire mkati pabowo lapakati kutulukira kunja, ilowe pabowo lapamwamba, iyende mkati kudumpha lapakati mpaka kutulukira pabowo lapansi, kenako ilowenso lapakati. Nsonga ziwiri za ulusi zikhale uku ndi uku kwa ulusi wautali uja, ndipo muzimange pamwamba pake. Pokoka, kokerani motsatira msana wa buku, chifukwa mukakokera kumwamba ulusi umang'amba pepala.

Ulusiwo muyambe mwaupaka phula la njuchi kuti usapotane komanso mfundo isamasuke. Mwachita bwino kufunsa, paja akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndiye inu lanulo lipite ku ulusi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachidziwa mochedwa. Pepala lopangidwa ndi makina lili ndi mbali imene timaulusi take tinagonera, monga mmene thabwa lilili ndi mizere yake. Lipindeni pang'ono osalithyola, choyamba m'litali kenako m'lifupi, ndipo mudzamva kuti mbali ina ikugonja mosavuta pamene ina ikukana. Popinda pa buku pazitsatira mbali yogonjayo. Mukapinda mopingasa, masamba amakana kugona, buku limangoyasama lokha patebulo, ndipo mukapaka guluu chikuto chimapindika ngati bwato.

Kalipentala:
Mayi, zimenezi ndi zomwe timalimbana nazo pathabwa. Posema thabwa, mpeni ukatsatira mizere umayenda mosalala, koma ukapingasa thabwa limanyotsoka n'kutenga ndi mbali imene simunafune. Ubwino wa linoleum kwa woyamba ndi woti alibe mizere, mpeni umapita kulikonse. Komabe ine ndimabwerera kuthabwa chifukwa mizere yakeyo imatuluka papepala, ndipo thambo kapena madzi zimajambulika zokha popanda kusema.

Funso langa ndi lakuti, buku lokhala ndi masamba ambiri, limene kabuku ka mabowo atatu sikangakwanitse, mumalisoka bwanji kuti lizitseguka bwino? Ndinayesa kubowola mulu wa mapepala m'mphepete ndi kumanga, koma kuti ndione chithunzi chonse ndimachita kulikanikiza ndi manja awiri.

Mayi Osoka Mabuku:
Bambo, chimene munapangacho chikufanana ndi kasokedwe ka ku Japan ka mabowo anayi. Ndi kokongola ndipo n'koyenera mapepala osapinda, koma kamafuna pepala lofewa ndi mpata waukulu kumbali yosokayo, ndipo sikalola buku kugona lotseguka. Chimene mukufuna inu ndi kasokedwe ka Chikoputiki, kamene Akhristu oyambirira a ku Egypt ankagwiritsa ntchito, ndipo ku Ethiopia mabuku achipembedzo a zikuto zamatabwa akhala akusokedwa mofanana ndi mmenemo kwa zaka mazana ambiri. Mumapanga timagulu ta mapepala opinda, tisanu kapena kuposerapo, ndipo kagulu kalikonse mumakasoka n'kukakoletsa ku kamene kali pansi pake, moti kumsana kumatuluka msoko wonga unyolo. Msanawo sumatidwa guluu ndipo suphimbidwa, choncho buku limatseguka n'kugona fulati patsamba lililonse. Popeza ndinu a matabwa, zikuto zopyapyala zamatabwa zingakukhaleni bwino kuposa ife amene timadalira katoni yokutira nsalu.

Ndikuchenjezeni ndi zimene zinandigwera. Ndinadinda zithunzi zisanu ndi zitatu ndi inki yamafuta, ndipo patapita masiku awiri ndinazikhudza ndi chala n'kuona ngati zauma. Ndinasoka buku lonse usiku womwewo, n'kulitsendereza ndi mabuku olemera. M'mawa masamba anali atamatirirana, ndipo polekanitsa chithunzi chilichonse chinasiya mthunzi wake patsamba loyang'anizana nalo. Inki yamafuta siuma ngati madzi, imalimba pang'onopang'ono ikamakhudzana ndi mpweya, ndipo pamene yakhuthala imatha kutenga sabata kapena kuposerapo. Masiku ano ndimayamba ndakhutiza kapepala koyera pamalo akuda kwambiri, ndipo kakatuluka ndi banga ndimadikirabe.

Mphunzitsi Wopuma:
Pa inki yamafuta pomwepo ndiwonjezere za chitetezo. Nsanza zimene zanyowa ndi mafuta a linseed musaziunjike m'ngodya kapena m'dengu, chifukwa mafutawo akamalimba amatulutsa kutentha, ndipo mulu wa nsanza zotero ukhoza kuyaka wokha. Ziyanikeni chotambasula panja kapena muziviike m'madzi. Potsuka rola ndi galasi, mafuta ophikira ndi sopo zimachotsa inki bwinobwino popanda mankhwala onunkha. Inki yamadzi imatsukika mosavuta ndipo imauma msanga papepala, koma imaumiranso pagalasi mukamachedwa, choncho munthu wodekha ngati ine imandithamangitsa.

Ndimasangalala kuti pagulu pano kudinda ndi kupanga mabuku timazikambira pamodzi, chifukwa zinayendera limodzi kuyambira kale. Buku lodindidwa lakale kwambiri limene lili ndi deti ndi Diamond Sutra ya m'chaka cha 868, imene inapezeka m'phanga ku Dunhuang, ku China, ndipo ikusungidwa ku British Library ku London. Ndi mpukutu wa mapepala olumikizidwa, wotalika pafupifupi mamita 5, ndipo mawu ake ndi chithunzi chake choyambirira zinadindidwa ndi matabwa osemedwa. Zaka pafupifupi 600 Gutenberg asanayambe kusindikiza mabuku ndi makina ku Mainz, ku Germany, munthu wina anali atakhala kale pansi ndi mpeni kusema zilembo zotembenuka.

Namwino wa Usiku:
Ndili ndi funso lina kwa amene mwakhalitsa. Anzanga ataona kabuku kanga koyamba anayamba kunena kuti ndizigulitsa, ndipo wina anapempha makope khumi ofanana a chithunzi chimodzi. Ndinavomera, koma sabata imeneyo ndinadana ndi tebulo langa. Pepala lililonse ndinkaliyang'ana ndi diso la wogula, ndipo kadontho kamene kale ndikanakaseka kanayamba kundisowetsa tulo. Kodi ena mumatha kugulitsa mtima uli m'malo?

Kalipentala:
Ine ndimagulitsa mwa apo ndi apo, ndipo sindikuonapo vuto ngati ndikugulitsa zimene ndapanga kale mwa kufuna kwanga. Ndimalemba ndi pensulo m'munsi nambala ya pepala ndi chiwerengero cha onse, monga 3/12, ndipo zikatha zatha. Chimene ndimakana ndi oda yokhala ndi tsiku, chifukwa masiku oikidwa ndi makasitomala ndili nawo kale okwanira kuntchito.

Mayi Osoka Mabuku:
Ine ndinasiyiratu. Mabuku anga ndimapereka kwa amene ndafuna, ndipo ena ndimalembamo ndekha. Sindikunena kuti a Kalipentala akulakwa, koma ndikudzidziwa kuti ndalama ikangolowapo ndimayamba kuwerenga maola, ndipo kusoka buku la timagulu khumi kumatenga maola amene palibe angawalipire mokwanira.

Woyamba Kumene:
Ndabweranso kudzapereka lipoti. Ndinaika linoleum padzuwa monga ananenera a Kalipentala, ndipo kusiyana kwake ndinakumva pa mzere woyamba. Inki ndinachepetsa mpaka ndinamva kaphokoso ka mvula kaja, ndipo nthenga za mbalame zaoneka, ngakhale phiko limodzi latuwa chifukwa ndinatopa kukhutiza. Dzinalo sindinalichotse. Mwana wanga anatenga pepala loyamba lija n'kupita nalo pa kalilole, ndipo atawerenga dzina lake m'menemo anakana kuti ndisinthe chilichonse. Ndasoka mapepala onse, olakwika ndi abwino, m'kabuku ka mabowo atatu, khala la moto lija lili patsamba loyamba. Vuto ndi loti masamba apakati atulukira kunja kuposa anzawo, moti m'mphepete mwa buku mwasongoka, ndiponso bowo lapansi lang'ambika pang'ono. Kodi ndalakwitsanso pati?

Mayi Osoka Mabuku:
Simunalakwitse, mwana wanga. Mapepala akalowetsana, amkati amakankhidwira kunja ndi makulidwe a anzawo, ndipo pepala likakhala lokhuthala kusongokako kumakula. Litsekeni bukulo, muligoneke pansi pa chinthu cholemera usiku umodzi, kenako muike rula yachitsulo m'mphepete ndi kudula ndi mpeni wakuthwa, mopepuka ndi mobwerezabwereza, osafuna kumaliza ndi kamodzi. Ena amasiya osadula, ndipo ine mabuku a zithunzi ndimawakonda choncho. Bowo long'ambikalo mumatepo kachidutswa ka pepala lopyapyala mkati mwa popinda, ndi phala lochepa la ufa wa tirigu kapena guluu woyera, likauma mubowolenso. Buku lotsatira mabowo akumapeto muwatalikitse pang'ono ndi m'mphepete, pafupifupi masentimita 2, ndipo mutitumizire chithunzi cha phiko lotuwalo tione ngati vuto ndi supuni kapena pepala.